Anati Ndikayezetse, Ine N'kumva Zanga

Abusa, akulu a mpingo, amayi anzanga, abambo, ndi inu a kwaya, mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse. Ndaimirira pano chifukwa ndili ndi umboni, ndipo ndikapanda kuuchitira lero undiphulika pamtima. Abusa mwati mphindi zisanu, koma mukundidziwa, mungondipirira.

Kwa alendo, ine ndine NaPhiri wa kutsidya kwa dambo, mayi wamasiye, mlimi wa fodya. Ndinatsala pang'ono kuchita khungu chifukwa cha liwu limodzi. Liwu limodzi, abale, kuphatikizapo mkwiyo wangawu umene ena a inu munaulawapo kale.

Kwathu tinabadwa atatu. Oyamba ndi achimwene anga a Filimoni, amene anakamanga ku Nkhamenya, kenako ine, kenako mng'ono wanga Esinati. Achimwenewo fodya ankamudziwa. Tsamba ankaliona ali kumsewu n'kukuuza kuti lakhwima, kathyole. Koma zaka zapitazi anayamba kugunda zinthu. Apunthwe pa mpando, agunde mzati wa chigafa, njinga iwadutse pambali osaiona. Ife tinkaseka, ena n'kumati mwina akulawako mobisa. Amayi athu nawonso anamwalira asakuona, ndipo pabanja tinkangoti unali utsi wa kukhitchini ndi fumbi la fodya. Ndiye za achimwene tinati ndi zomwezo, ndi ukalamba, palibe chachilendo.

Chaka chatha zitafika poipa anapita ku chipatala cha maso. Iwo ankaganiza kuti ndi ng'ala, akapala n'kubwerako akuona. Kumeneko anawauza kuti si ng'ala, ndi matenda ena otchedwa gulokoma, amene ena amangoti pulesha ya m'maso. Diso limodzi linali litatheratu, linalo likuona ngati munthu wosuzumira pa kabowo ka msomali pa lata. Zonsezi ine ndinazidziwa mochedwa, mumva chifukwa chake.

Unali mwezi wa Okotobala, ndili kunazale ndi khasu ndi chithirira, dzuwa lili pamutu. Foni inalira. Anali alamu anga anyaGondwe, akazi a achimwene. Netiweki ya kudambo kuja mukuidziwa, mawu amabwera oduka ngati ulusi wovunda, ndipo alamu angawo akafulumira Chichewa chawo chimathawira ku Chitumbuka. Zimene zinandifika m'khutu ndi izi: "Mulamu, achimwene anu awapeza ndi matenda. Adokotala akuti ali m'magazi. Inu ndi Esinati mupite msanga mukayezetse." Foni n'kuduka.

Tsopano ndikufunseni. Kuno kwathu munthu akakuuza kuti kayezetse, osatchula china, umamva chiyani? Musandiyang'ane ngati simukudziwa. Amayi mwavala duku lobiriwira apo mukuseka, mukudziwa. Kuyezetsa kuno n'kumodzi. Ndiye wina awonjezerepo kuti ali m'magazi, watsala ndi funso?

Mundimvetse bwino, sindikunyoza munthu. Kuyezetsa magazi ndi nzeru, ndipo muno muli abale amene akumwa mankhwala awo mokhulupirika, akulima kuposa ine. Koma ine ndinali ndi chilonda. Amuna anga anamwalira ndi shuga, anaonda mpaka ndinkawaboolera lamba mabowo ena, ndipo kumjigo anthu ananong'ona. Ndikafika ndi ndowa nkhani inkaduka. Ndinakayezetsa kawiri, kawiri konse anati ndilibe kachilombo, koma pakamwa pa anthu sungapaonetse pepala. Ndiye nditamva foni ija mtima unandiuza kuti zaka zonsezi mlongo wanga weniweni, wa bere limodzi, ankakhulupirira za kumjigo. Ndinati tsopano iwo awapeza nako, akufuna apeze mnzawo wogawana naye manyazi. Dzina la Esinati ndinati angoliikapo pofuna kuphimba.

Ndinapsa mtima, abale. Ndinapsa mtima mpaka chithirira ndinachiponya pa bedi la mbande. Tsiku lomwelo ndinamuimbira Esinati n'kumuuza kuti asayerekeze kupita kulikonse, a ku Nkhamenya akutitukwana. Mwana uja amandimvera, anangoti chabwino achemwali.

Alamu anaimba, anaimbanso, anaimbanso. Ndikaona dzina lawo, foni ndinkailowetsa m'thumba la feteleza kuti ilirire m'menemo. Anatuma uthenga kudzera kwa mayi wina wogulitsa tomato, ine ndinamuuza kuti agulitse tomato wake. Khirisimasi sindinapiteko. Tinawokera, tinapalira, tinabandira, tinayamba kuthyola, ine ndili chikwiyire. Abusa, ndikuulula pamaso panu, mgonero ndinkadya muno ndili ndi mwala pamtima.

Nthawi yonseyo maso anga ankatha, ine osadziwa. Ndikanadziwa bwanji? Diso silinawawe, silinafiire, silinatuluke msozi. Ulusi pa singano ndinkalowetsa ndekha. Buku la nyimbo ndinkawerenga, mumandimva ndikutsogolera pa maliro. Koma phewa lamanzere linkangokhalira kugunda chitseko. Mbuzi inkalowa m'chigafa n'kudutsa pambali panga, ine n'kudzaiona itayamba kale kugwetsa zinthu. Ndipo amayi ena muno, sinditchula mayina, munandinena kuti NaPhiri wayamba kunyada, akumadutsa anthu pamsewu osapereka moni. Sikunali kunyada. Mukakhala kumanzere kwanga munali kulibe.

Ndiye linafika tsiku lina mu Malichi, cham'mawa ndithu. Ndinali pa mphasa m'chigafa, mulu wa masamba patsogolo, ndikusoka fodya. Achimwene anali atatopa ndi kudikira. Anakwera kabaza ndi alamu kuchokera ku Nkhamenya, munthu wosaona, msewu wamatope uja, anatsika pamphambano n'kuyenda wapansi alamu atawagwira dzanja. Anafika n'kuima kumanzere kwanga, pafupi ngati pamene akhala abusa apa. Alamu akuti anaima nthawi yoti munthu n'kuimba ndime yonse ya nyimbo. Anakweza dzanja, ine phee. Anavula mpango n'kuugwedeza, ine ndili ndi singano yanga. Mpaka achimwene anatsokomola, m'pamene ndinadzidzimuka.

Ndikanakhala munthu ndikanawapatsa mpando. Koma ine ngakhale moni sindinapereke. Ndinalankhula, abale, mukupadziwa pakamwa panga. Ndinawauza kuti ngati abwera kudzandinyoza pakhomo panga abwerere ndi kabaza yemweyo. Ndinawauza kuti amuna anga anafa ndi shuga, ndinayezetsa kawiri, kabuku kakuchipatala kali m'nyumba, ndikatenge alamu awawerengere poti iwo sangathe. Mawu amenewo ndinanena kwa munthu wakhungu, Mulungu andikhululukire.

Achimwene anangoima, nkhope ataloza kumene kumachokera mawu anga. Kenako anafunsa mwapansipansi kuti, "Unayezetsa chiyani?"

Ndinati magazi.

Anapapasa kumbuyo n'kukhala pa mulu wa mikangala yopachikira fodya. Anayamba kuseka, kuseka kuja n'kusanduka kulira. Anati, "Mlongo wanga, ine ndimanena maso. Miyezi isanu wandikwiyira chifukwa cha maso ako omwe."

Singano inagwa. Alamu ndiwo anafotokoza, tsopano pang'onopang'ono. Adokotala anawauza kuti matendawa amakonda kuyenda pachibale, ndiye abale a bere limodzi, makolo ndi ana a wodwalayo, makamaka amene apitirira zaka makumi anayi, akapimitse maso ngakhale akuona bwinobwino. Alamu pofuna kunena kuti ndi za kumtundu anati ali m'magazi, monga timanenera kuti utali wa kwa a Phiri uli m'magazi. Sanalakwe. Ine ndi amene ndinamva ndi chilonda m'malo mwa khutu. Atatha anandiuza za mpango uja, n'kunena kuti achimwene anga anayamba chomwechi.

Ndinachita mantha amene sindinachitepo chibadwire. Ndinayang'ana achimwene, maso awo ali otseguka bwinobwino koma osandipeza, ndinakumbuka amayi akupapasa khoma popita kuseri, ndinati wachitatu ndine. Ndipo si ine ndekha, Esinati ndinamutsekera njira ndi pakamwa pangapa.

Alimi anzanga mukudziwa kuti fodya wothyola sadikira munthu. Ndinamusiya pamphasa pomwepo, ndinauza apongozi anga, akazi a mwana wanga, kuti asoke amene angathe, wotsala awole ngati akufuna. M'mawa mwake ndinakamutenga Esinati, ndinamupepesa tili m'minibasi, iye n'kumangondiyang'ana cham'mbali mpaka kukafika.

Kuchipatala kuja palibe chowawa, ndikuuzeni inu amene mumaopa. Anatidontheza mankhwala m'maso, anakhudza diso ndi kachipangizo koyezera pulesha, anaunika mkati ndi kuwala. Kenako anandiika chibwano pa makina ena onga beseni, n'kundipatsa kabatani kuti ndizidina ndikaona kanyali kakuthwanima. Diso lamanja ndinadina, ndinadina, ndinayamba kudzimva kuti ndine katswiri. Lamanzere ndinadikira kanyali, ndinadikira, mpaka ndinauza anamwino kuti makina anu afa. Anati amayi, makina ali bwino.

Adokotala anali mayi wofatsa, anandikhazika pansi n'kundiuza m'Chichewa chomveka. Anati diso lili ndi madzi ake amene amalowa ndi kutuluka. Potulukira pakatsekeka, madziwo amapanikiza mtsempha woonera, ndipo umafa pang'onopang'ono kuyambira m'mbali, mwini wake osamva kanthu. Anati chimene chafa sichibwerera, si ng'ala yoti apale, koma chimene chatsala angathe kuchitchinjiriza. Lamanzere mbali yake inali itapita ndithu. Lamanja linali litangoyamba kumene. Ndinafunsa kuti ndikanabwera mu Okotobala zikanakhala bwanji. Anati sangalumbire, koma mwina ndikanasunga kochulukirapo, ndipo chachikulu n'chakuti sindinadikire chaka china.

Anandipatsa mankhwala odontheza tsiku lililonse, moyo wanga wonse, osadumphitsa ngakhale pa maliro ngakhale pa ukwati. Esinati sanamupeze ndi kanthu. Ndinapuma, abale, ndinapuma ngati ndatula mtolo wa nkhuni, chifukwa akanamupeza atachedwa ndikanayankha chiyani? Koma naye anamuuza kuti azibwera chaka ndi chaka. Za ana anga anati nawonso akapimitse. Woyamba wapita kale. Wachiwiri ali muno, ndi bambo wa ana anayi, taonani akuyang'ana pansi. Iwe, mwezi uno usathe.

Wina anabwera kunyumba kudzandiuza kuti nditaye botolo la mankhwalalo, ndingokhulupirira. Ndinamuyankha kuti Mulungu amene anakweza munthu wosaona pa kabaza kudzandiuza za kuchipatala sangakhale yemweyo wondiuza kuti nditaye mankhwala. Ndimapemphera, kenako ndimadontheza. Ndimadontheza, kenako ndimayamika.

Sabata yathayi ndinabwererako kachitatu. Pulesha yatsika. Kanyali kamene ndinkaona mu Malichi ndikukaonabe, palibe pena pamene pazima. Adokotala anati ndikapitiriza chonchi pali chiyembekezo chachikulu kuti ndidzakalamba ndikuona.

Nditatuluka sindinabwere kuno, ndinapitirira ku Nkhamenya. Ndinawapeza achimwene atakhala pakhonde akutong'ola chimanga, ntchito imene manja amaidziwa okha. Ndinagwada patsogolo pawo, ndinapepesa mawu onse aja a m'chigafa, limodzi ndi limodzi. Iwo za kupepesa sanazilabadire, ankangofuna kumva kuti adokotala ati chiyani. Ndinawauza kuti lamanja lapulumuka. Anafunsa za Esinati, ndinati ali bwino. Anasiya chitsononkho, anandipapasa mutu n'kunena kuti, "Basi. Pa ana a mayi athu, khungu lithere pa ine."

Abale, ine ndinawatukwana munthu ameneyu.

Ngati kwanu kuli mayi, bambo, mlongo kapena mwana amene maso anatha osawawa, musati ndi utsi, musati ndi ukalamba, musadikire kugunda chitseko. Pitani akaone pulesha ya maso anu. Ndipo inu amene muli nawo matendawa, potumiza uthenga kwa abale anu tchulani kuti maso, tchulani kawiri.

Ndikuyamika Mulungu amene sanandisiye mu mkwiyo wanga. Ndikuyamika alamu anga amene anaimba foni osatopa ngakhale inkalirira m'thumba. Ndipo achimwene abwera lero, ndi awo akhala pa benchi yachitatu, avala jekete yakuda. Ndikupempha mukondwere nane, koma musangokweza manja m'mwamba, chifukwa iwo sakuonani. Ombani m'manja, amayi lululutani, a kwaya yambitsani nyimbo mokweza, kuti amve.