Boti la mlamu wanga linamira kawiri

Monire mose, abale ndi alongo. Ndiyankhula Chichewa chifukwa ndaona alendo ochokera kumwera pa benchi lakutsogoloku. Lilime likapotoka mundikhululukire, ndi la kuno. Ambuye alemekezeke!

Ine ndine Lusubilo, wa ku Ngara. Ambiri mumanditchula awiske Tumpale, kunena kuti bambo ake a Tumpale. Ena munanditchulapo dzina lina, loipa, ndipo muli muno. Musawerame ayi, sindinabwere kudzaloza munthu chala. Woyenera kuwerama lero ndine.

Kale ndinkagwira ntchito ku mgodi wa Kayelekera, kosungira zida. Kumeneko kunali mzungu wina wokonda masewera achilendo. Ankayala nsalu yabuluu pa tebulo, ndiyo nyanja. Pamwamba pake ankaikapo tisitima tankhondo tachitsulo, totalika ngati chala. Anthu awiri, uyu gulu lake, uyu lake. Pambali pamakhala laputopu. Iwe umauza kompyuta mobisa kuti sitima yanga iyi ithamange chonchi, ikhotere kumanzere chonchi. Mnzako nayenso amauza zake. Mukadina batani, kompyuta imawerengera mphepo ndi liwiro, n'kujambula mzere wosonyeza pamene sitima iliyonse yafika. Inu mumangotenga rula n'kusuntha tisitimato pa nsalu paja. Sitima ikalowa pakati pa adani, kompyuta imanena kuti yakutiyakuti yamira. Ndi zokhazo, abale. Bawo wa azungu basi.

Mgodi utayima, mzunguyo popita kwawo anandisiyira zonse: laputopu, nsalu, ndi tisitima m'chitini cha mabisiketi. Ndinabwerera ku Ngara wopanda ntchito. Amene ankadyetsa nyumba anali akazi anga, NyaMhango, ndi malonda awo a usipa. Iwo padzuwa kudooko, ine pamthunzi pakhonde ndi tizidole. Bambo wandevu! Loweruka lililonse aphunzitsi a Kayira ankabwera pa njinga yamoto kuchokera ku Mwenilondo, ndipo tinkasewera mpaka batire kutha.

Mayina a sitimazo mu kompyuta anali achizungu, oluma lilime. Tsiku lina ndinati, bwanji tiziike mayina a maboti a padooko pathu? Tinaseka, tinalemba. Imodzi ndinaitcha Tiwonge. Limeneli linali dzina la boti la mlamu wanga Wongani, mlongo wawo wa akazi anga, wa bere limodzi.

Mukudziwa mmene timakhalira ndi alamu. Mlamu ndi munthu woseka naye. Wongani akamadutsa ankakuwa, "Akaputeni a pakhonde, nyanja yanu yauma bwanji lero?" Ine ndinkamubwezera. Loweruka lina anaima pa tebulo paja, anthu ena ali pomwepo akuonerera. Ndinati, "Mulamu, bwera uone. Uyu ndi Tiwonge wako." Ndinauza kompyuta kolowera, ndinadina batani. Mzere unakalowa pakati penipeni pa sitima za aphunzitsi. Kompyuta inati yamira. Ine ndinakagwetsa kasitimako chagada ndi chala ichi, uku ndikuseka. "Wamira, mulamu! Mawa upite posambira!"

Iye anaseka kuposa tonse. Anandimenya paphewa n'kunena kuti ndikonzeretu chindongwa cha pamaliro, thobwa la kuno, chikhale chotsekemera.

Sabata yomweyo kunabwera mwera. Maboti ena anabwerako. Tiwonge sanabwereko. Linatembenuzika pakati pa nyanja. Anzake a Wongani anagwirira bwato, anapulumuka. Wongani anakamupeza patapita masiku, m'mabango.

Abale anga, pamaliro paja! Ine mkamwini ndinanyamula ufa ndi nsalu monga mwa mwambo wathu. Anandibwezera pamaso pa anthu. Ndinatenga khasu kuti ndikathandize kumanda, anandilanda. Apongozi anga, mayi ake a Wongani, polira ankanditchula. "Fwiti! Fwiti ya pakhonde! Wandimizira mwana wane pa tebulo!" Alendo, fwiti ndi mfiti. Ndinaima ndi ufa wanga m'manja, osadziwa koyang'ana. Ndikanawayankha chiyani? Anthu anaona ndi maso awo. Anamva ndi makutu awo. Ndinanena ndine, pakamwa panga pomwepa.

Maliro atatha, NyaMhango sanabwerere kunyumba. Anatsala kwa mayi awo pamodzi ndi mwana wathu Tumpale. Sananene kuti ndine mfiti. Sananenenso kuti sindine mfiti. Chete. Chimenecho n'chimene chinkandidya. Aphunzitsi anasiya kubwera, sindinadabwe. Muno mu tchalitchi ndikakhala pa benchi anthu ankasendera, sindinadabwe. Mudzi wonse ukanatha kunena zimene ukufuna. Koma akazi anga, amene ndinagona nawo mphasa imodzi zaka zonsezi, akuganiza chiyani? Abwera kapena sabwera?

Tsopano mvetserani pamene ndinafika. Ndinayamba kuchiopa chala changa chomwe. Ndinkachiyang'ana podya. Ndinkati, nanga ngati n'zoona? Nanga ngati munthu angathe kukhala mfiti iye osadziwa? Ine, wobatizidwa. Ine, woimba besi mu kwaya. Sindinapite kwa abusa, manyazi. Sindinagwade, manyazi. Ndinakulunga laputopu m'thumba la feteleza ngati nkhuku yakuba, ndinapita kwa nchimi, sing'anga uja wogwira afiti. Inde, abale. Ndinapita ndi miyendo yanga.

Nchimiyo anayang'ana makinawo, anayang'ana ine. Anati, "Chilipo. Chili m'menemu, chilinso mwa iwe." Ananditema mphini pa dzanja. Izi apa, zioneni, sindibisanso. Ndipo potuluka m'kanjira kake ndinakumana maso ndi maso ndi amayi awiri a mudzi wathu akuchokera ku nkhuni. Sanandipatse moni. Ndisanafike kunyumba, nkhani inali itafika kale: wapita kwa nchimi, ndiye kuti wavomera yekha. Mwaona? Anthu anandipaka matope, ine ndinadzionjezera ndi manja anga.

Tsiku limenelo m'pamene ndinapemphera, ndili chigonere pansi. Silinali pemphero lokongola. Ndinati, "Chiuta, ine sindikudziwanso chimene ndili. Inu mukudziwa. Ngati ndine woipa, ndichotseni. Ngati sindine, uzani munthu mmodzi yekha." Mmodzi yekha. Dzina lake sindinalitchule, koma Mulungu ankamudziwa.

Panapita masiku. M'mawa wina ndinamva mapazi ambiri pabwalo. Ndinasuzumira. NyaMhango patsogolo, beseni m'khwapa. Pambuyo pawo apongozi, amalume awo, ndi anthu otsatira kudzaona. Mumtima ndinati basi, abwera kudzatenga katundu, ukwati watha.

Anati, "Awiske Tumpale, yalani nsalu yanu."

Ndinati, "Anyina Tumpale, chonde."

"Yalani. Yatsaninso makina anuwo."

Ndinayala nsalu ija, ndinayatsa makina. Iwo anasankha kasitima kamodzi m'chitini muja, anakaika pakati pa nsalu. "Aka mukalembe dzina langa."

Ndinakana. Ndinakana ndithu, misozi ikutsika, bambo wamkulu pamaso pa apongozi. Iwo anandiyang'ana n'kunena, "Ngati mukukana, ndiye kuti inunso mukukhulupirira. Ndiuzeni pompano, ndinu fwiti?"

Abale, ndinalemba. Ndinalemba dzina la akazi anga pamene panali Tiwonge.

"Tsopano chitani mmene munachitira kwa Wongani. Chala chomwecho."

Ndinauza kompyuta kolowera. Ndinadina. Mzere unayenda, unayenda, unakaima pakati pa adani. Kompyuta inati yamira. Ndinakagwetsa chagada. Apongozi anakuwa, anagwira mwana wawo chitenje. "Mwana wane, wafuntha, wapenga? Ndaika kale mmodzi!" NyaMhango anachotsa dzanja la mayi awo pang'onopang'ono, ananyamula beseni, ulendo kudooko. Anakakwera boti la amalonda lozungulira madooko kukagula usipa. Nyengo ya mwera inali isanathe, nyanja inali ndi mitu yoyera.

Anthu onse anawatsatira kukaona. Ine sindinathe. Ndinatsala m'nyumba, kuseri kwa chitseko, nditagwada. Mwamuna ali kuseri kwa chitseko, mkazi ali pa mafunde chifukwa cha dzina lake! Manyazi a pamaliro anachepa. Manyazi a kwa nchimi anachepa. Awa ndiwo anali manyazi. Ndinangobwereza, "Yesu, Yesu, Yesu," mawu ena ndinalibe.

Dzuwa litapendeka pang'ono ndinamva nthungululu. Aleluya! Ndinatuluka. NyaMhango akubwera, chitenje chili chonyowa mpaka m'chiuno, beseni lodzaza pamutu. Analitula patsogolo pa mayi awo. Anati, "Amama, ndabwera. Wongani anatengedwa ndi mwera. Tiyeni timulire iyeyo, tisiye kulira tebulo." Kenako analowa m'nyumba mwathu, anayang'ana uku ndi uku, nati, "Kodi muno munasesamo liti?"

Ndinatenga tsache, abale. Ndinasesa ndikulira.

Musamve ngati ndikuti tiziyesa Mulungu. Abusa anawadzudzula akazi anga pa chimenecho, ndipo iwo anavomera. Inenso ndinaulula za kwa nchimi pamaso pa akulu a mpingo, ndinakhala pa chilango, ndinabwezeretsedwa mu mpingo. Chimene ndikunena n'chakuti ndinapempha munthu mmodzi, ndipo Ambuye sanatume mlendo.

Lero moyo wanga ndi wamba. M'mawa ndimathandiza kuyanika usipa pa thandala. Masana ndimalembera anthu makalata pa laputopu yomwe ija, pa sitolo ya mnzanga wa ku Mangochi. Ana a Wongani timawathandiza za kusukulu. Aphunzitsi a Kayira anabweranso, anapepesa, ndipo nthawi zina timasewera ntchito ikatha. Si onse anasintha maganizo, ndisakunamizeni. Apongozi amandiyankha moni, koma chakudya cha m'nyumba mwanga sanadyebe. Ndimawamvetsa. Anaika mwana.

Panali funso limodzi limene ndinaliopa nthawi yaitali. Ndalifunsa chaka chino, tikutola usipa pa thandala. Ndinati, "Anyina Tumpale, tsiku lija munadziwa bwanji kuti sindine?"

Sanasiye kutola. Anati, "Ndani anakuuzani kuti ndinkadziwa? Sindinkadziwa. M'boti muja ndinasanza ulendo wonse. Tumpale ndinali nditamusiyira kale mng'ono wanga, ndi malangizo onse."

Ndinati, "Nanga munakwereranji?"

Anati, "Kukusiyani ndinalephera. Kukhala nanu ndikukuopani ndinalepheranso. Ndiye ndinati bola nyanja indiuze."

Ali apo, mzere wachitatu, avala duku lobiriwira. Akundiyang'ana moti ndikhale pansi, ndatalikitsa. Ine kuwayang'ana sindingathe. Anyina Tumpale, yewo chomene. Yewo, Chiuta wane. Ameni.