Womanga Malinki Akhale Kutsogolo

Abusa, abwana athu a galaja mayi Imelda, mayi Anastazia ndi ana onse a kwa a Zakeyu, madalaivala a pa boda pano, amakaniko anzanga, zikomo pobwera. Amene simundidziwa, ndine Chipiliro. Ndagona kunsi kwa galimoto ndi a Zakeyu kuyambira ndilibe imvi.

Ndikuuzeni zoona. Ndili ndi mantha. Chondiopsa chili panjapo, patsinde pa mango: pikapu yoyera ija mwaipakira mabedi ndi matumba, imene itenge a Zakeyu ndi banja lawo kupita kumudzi ku Chiosya tikatha kudya. Malinki a kutsogolo kwake ndamanga ndine m'mawa uno. Ndipo a Zakeyu sanalowe kunsi kukayang'ana.

Amakaniko mwamva kale. Abusa, ndikufotokozereni. Kutsogolo kwa galimoto, kunsi, kuli chitsulo chopingasa chimene chimailetsa kupendekeka ikamakhota. Chitsulocho chimagwira ku mawilo ndi timiyendo tiwiri, kutalika kwake ngati supuni yophikira. Amenewo ndiwo malinki. Tizitsulo tonyozeka. Koma madala awa amatiopa kuposa njoka.

A Zakeyu, tasekani pang'ono anthu aone. Mwauona mpatawo? Ana inu, bambo anu anakuuzani kuti dzino limenelo linachoka ndi mzimbe. Bodza! Atangoyamba ntchito ananyamula galimoto ndi jeke mbali imodzi yokha. Ukatero chitsulo chija chimapotoka, linki siifika pa bowo. Iwo, ndi mphamvu za unyamata, anati ndichikakamiza ndi mgwala. Mgwala unaterereka n'kuwapsompsona pakamwa. Mpaka lero ukangogwira jeke umamva mawu kumbuyo: "Mawilo onse awiri, iwe! Ukufuna kufanana nane?"

Nanga lamulo lawo lija? Linki imodzi ikatha, sintha zonse ziwiri. Nati uzimanga utagwira bawuti kuti isazungulire nawo, apo ayi ungoganiza kuti yalimba. Ukatsitsa galimoto pansi, lowanso, gwedeza ndi dzanja. Ndiye chomaliza, chimene chatitulutsa thukuta tonsefe: amene wamanga malinki akhale mpando wa kutsogolo, iwo agwire chiwongolero. Ankatitengera ku msewu wa fumbi wa mabampu okhaokha, n'kumakhota dala uku ndi uko, khutu lili tcheru. Kukangomveka gogogo kunsi, sakalipa ayi. Amangokuyang'ana. Felix uyo anabwerako tsiku lina atapemphera mapemphero onse amene amadziwa, mpaka la pa chakudya.

Tinkawaseka. Tinkati madala ndi amantha. Koma tilipo ochepa amene tikudziwa kumene manthawo anachokera, ndipo andilola kuti ndinene.

Chaka china, nyengo yogulitsa fodya, panaima minibasi pano itadzaza anthu ochokera ku Dambe. Linki ya kumanzere inali itathyoka, ikulendewera pafupi ndi paipi ya mabuleki. A Zakeyu anati, "Tsitsani anthu, ndisinthe." Dalaivala anati, "Madala, nthawi. Ingomangani ndi waya, tikakonza ku Lilongwe." Iwo anakana. Dalaivala anatola waya pansi, anamanga yekha, n'kunyamuka. Sanafike patali. Waya unaduka, linki inaboola paipi ija, pakona mabuleki panalibe, minibasi inagubuduzika. Ife tinathamangirako ndi majeke kukanyamula minibasi kuti titulutse anthu. Zimene tinaona sindinena pano, pali ana. Panali mayi wina, nsapato yake inatsala pamsewu.

Tinabwerera ku galaja ndi a Zakeyu. Titafika pa geti anangoti, "Chipiliro, ndikanamulanda makiyi." Kuyambira pamenepo galimoto siituluka pano iwo asanaigwedeze ndi dzanja lawo. Madalaivala mwakhala mukuwatukwanira mumtima chifukwa chokuchedwetsani, ndikudziwa. Koma onani, muli pano, mukudya nkhuku.

Ndiye mvetsani za m'mawa uno. Ndamanga malinki, ndatsitsa pikapu, ndagwedeza. Ndawayalira katoni pansi monga mwa masiku onse kuti alowe. Iwo angoima, manja m'thumba. Ndinati, "Madala, katoni iyo." Anati, "Manja angawa sakumvanso, Chipiliro. Nati yolimba ndi yosalimba zikungofanana. N'chifukwa chake ndikupita kumudzi. Wagwedeza iwe?" Ndinati eya. Anati, "Basi. Apakire katundu."

Anzanga, mtima unangoti phwii. Zaka zonsezi ndimagona tulo chifukwa ndimadziwa kuti pambuyo pa dzanja langa pali dzanja lina. Lero palibe. Ndipo m'galimoto yoyamba kutuluka popanda dzanja limenelo mukwera iwo eni, mayi Anastazia, ndi kamdzukulu kawo Tadala, ako kakugona pamiyendopo. Ndalowa kunsi kuja kangapo, mpaka malaya a phwandowa ada. Ndikudziwa kuti ndamanga bwino. Koma ndikuopabe, ndipo ndayamba kuona kuti mantha amenewa ndi amene mwandisiyira.

A Zakeyu, zikomo. Zikomo chifukwa cha anthu onse amene anafika kwawo osadziwa n'komwe dzina lanu. Pitani mukapume. Mukalime mtedza wanu, mukadzuke dzuwa litakwera, ngolo za eni ake mukazisiye, musakazigwedeze. Mayi Anastazia, tikukubwezerani amuna anu. Dzino limodzi tinalephera kulipeza, mutikhululukire.

Koma mayi, ndili ndi pempho limodzi, ndipo pepani. Mpando wa kutsogolo uja mwauyalira chitenje, mukhale pakati, mundisiyire cha ku chitseko. Lamulo silinapume pantchito. Wamanga malinki ndine, ndiye ku Chiosya ndipita nawo, khutu langa lili kunsi. Ndibwerera pa kabaza.

Tiyeni tiimirire tonse, tiwaombere m'manja madala athu. Ombani mwamphamvu, kenako ine ndikakhale pampando wanga.