Boti la damu la ku Magodi

Pa siteshoni ya maminibasi ku Lundazi, bambo waimvi amene anali atangobwela kumene kuchokela ku Joni anaonetsa foni yake kwa mayi wina amene anakhala naye pabenchi.

"Amama, tandibwelekani maso. Maboti awili awa, ndigule liti?"

"Si ofanana awa, adada?"

"Lobiliwilali n'lolemela, siligwedezeka pamadzi. Loyelali anthu awili atha kunyamula."

"Mukaliyendetsa kuti?"

"Pa damu la kwathu ku Magodi. Akulu anga anafa ziwalo mbali imodzi. Akuti asanamwalile akaponyekonso mbedza pakati pa madzi, monga tinkachitila tili anyamata."

"Munachoka liti kuno inu? Damu lija linakwililika ndi mchenga. Pakati mukunenapo apongozi anga amalimapo lepu."

"Dzikoli mwalisunga bwanji, anthu inu?"

"Osunga bwino munali ku Joni."

Bamboyo anayang'ananso foni ija.

"Ndiye mwandisankhila, amama. Nditenga loyela."

"Mukapalase m'mizele ya lepu?"

"Tikalikweza pangolo, akulu anga atakhala m'kati mwake. Ng'ombe zikaima pokhapo tikapeza madzi."