Kiyi wa Kabati ya a Chete

A mkulu wa labotale yathu, madokotala, anzanga otsuka magalasi, ndi inu ana ndi adzukulu a bambo amene tikutsanzikana nawo lero pamene akupuma pa ntchito, ndakuonani nonse.

Ine ku yunivesite sindinapiteko. Ndinalowa muno ndi tsache, za maikulosikopu ndinaphunzira chosuzumira. Ndiye mawu okometsera musawayembekezere.

Bambowa timawatchula a Chete. Ukatsokomola pafupi ndi kabati yofunditsira maselo, amakuyang'ana ngati waseka pamaliro. Ine anandiletsa ngakhale nsapato zolira!

Inu a kunyumba, ntchito yawo inali iyi: kulongedza mankhwala a khansa m'tinthu tosaoneka ndi maso, kuti tikafike pachotupa. Ulendo woyamba anapaka tinthuto utoto wowala, nabaya mbewa zoyera. Ataona kuwala anavina m'khonde, bambo wamkulu ndithu. Ine nditasuzumira ndinati, "Bambo, chikuwalacho ndi chiwindi. Chotupa ndi icho, chili bii!" Asilikali a m'thupi anali atameza katundu yense panjira. Mlungu wathunthu sanandilankhule.

Sekani, koma sanasiye. Patapita zaka, tsiku lina masana anandiitana monong'ona. Pagalasi panali msilikali mmodzi, mimba ili tho ndi mankhwala, akukwawa kulowera kumaselo a chotupa. Atafika anayamba kulavula pang'onopang'ono, maselo oipa n'kumafa momuzungulira. Wakuba uja anali atasanduka wamtengatenga.

Chotupa chimenecho mukuchidziwa, ana inu. Ndi cha mayi anu. Anasaina okha pepala asanalowe ku opaleshoni, nati, "Mukachidula musataye, muwapatse bambo akachizunze." Mayi tinawaika m'manda zaka khumi ndi zinayi zapitazo. Koma kuseri kwa khoma ili, m'mabotolo asanu, maselo aja akadali moyo. Amaswana. Amadya. Lolemba ndi Lachinayi a Chete amawathirira madzi ofiira, pobweranso amapeza madziwo asanduka achikasu. Ndawamvapo akupereka moni potsegula kabati. Sindinafunsepo ngati amalonjera mkazi wawo kapena chimene chinamupha.

Tsopano a mkulu, pepani, ndinena pagulu. Kalata yanu ndaiona, yoti mwezi ukatha mabotolowo athiridwe mankhwala ophera, kabati iperekedwe kwa ena. Ayi! Mayeso a mankhwala atsala awiri okha. Musandiuzenso za firiji. Tinayesa katatu, maselo amenewa akauma ndi chisanu sadzukanso.

Bambowa sangakutsutseni, paja ndi a Chete. Dzulo anangondiikira kiyi wa kabatiyo patebulo, n'kutuluka. Nayu kiyiyo. Lolemba ndikawadyetsa ine. Wofuna kuwataya ayambe wandichotsa ntchito.

Mwavomera ndi mutu, a mkulu? Chipinda chonse chaona.

A Chete, zikomo. Munandipeza ndi tsache, munandikhazika pampando wanu. Ukali wanga munaupirira zaka makumi atatu, ine mwini sindikanatha. Pitani mukapume. Lolemba mukagone mpaka dzuwa likuotcheni, adzukulu muwalole asokose m'nyumba. Moni wanu uja ndizipereka ndine potsegula kabati, ndipo sindidzafunsa kuti ukupita kwa yani.

Tiyeni tiwaombere m'manja. Koma pang'onopang'ono, chonde. Khomali ndi lopyapyala.