Kompyuta Yathu Inatengedwa ndi Apolisi

Yewo aulutsi ndi omvera anzanga. Ndine mayi wa ku Katawa, kuno ku Mzuzu.

Nthawi ija tinkanong'onezana za matipati, ndinali kalaliki pa kachipatala kena. Akufuna kwabwino anatipatsa kompyuta, ndipo ndinayamba kusungamo mayina a odwala TB ndi masiku awo odzatengera mankhwala. Wodwala akajomba, tinkadziwa tsiku lomwelo n'kumulondola kwawo.

Mayi wina mnzanga, amene ankasunga makadi a odwala, sankaiyandikira n'komwe kompyutayo. Tinkagwirizana kwambiri, ana ake ankanditchula kuti anti. Ndikati ndimuphunzitse, ankangoseka: "Asisi, chinthu ichi nkhuchiwopa chomene."

Tsiku lina m'mawa kunafika apolisi. Anati amva kuti ndimalemberapo makalata onyoza boma. Ananyamula kompyutayo, ine ndinagona m'chitokosi masiku anayi. Pondifunsa mafunso anandionetsa kalata yondineneza. Inalibe dzina, koma kalembedwe kake ndinkakaona pa makadi tsiku ndi tsiku.

Nditatuluka ndinamupeza kwawo. Anagwetsa misozi.

"Ndinkaopa kuti makina aja andichotsetsa ntchito. Ana anga akanadya chiyani?"

Palibe anaganizako zomuchotsa, komanso palibe anamutsimikizira zimenezo. Kompyuta sinabwererenso. Odwala ena anasiya mankhwala ife osadziwa, ndipo kwa bambo wina wa ku Zolozolo tinafika ataikidwa kale.

Inu akuluakulu a zipatala, musanabweretse makina atsopano, yambani mwakhala pansi ndi antchito anu. Mayi uja timakumanabe kumsika. Moni ndimamupatsa, koma mtima sunaphwe mpaka lero.