Lole Yomwe Inkachira Ikafika ku Galaja

Moni omvera anzanga. Ndine mayi wamasiye wa ku Chinsapo. Malemu amuna anga ankayendetsa lole yonyamula njerwa ya bwana wina.

Loleyo inali ndi matenda obisala. Injini ikatentha inkayamba kutsokomola ndi kuphulika ngati mfuti, kenako n'kuzima. Koma akapita nayo kugalaja ku Biwi m'mawa, inkalira bwinobwino. Makaniko anasintha mapulagi n'kunena kuti taimingi ili bwino. Bwana anati, "Adalaivala, galimoto ilibe vuto, vuto ndi phazi lanu."

Masana ena inazima pachitunda itasenza njerwa. Amuna anga anakoka handibuleki n'kutsika kuti aike mwala kuseri kwa tayala. Koma handibulekiyo sinagwire, lole inabwerera m'mbuyo n'kuwaponda. Sanafike n'kuchipatala komwe.

Maliro atatha, makaniko wina anailiza loleyo mpaka injini itatentha, ndipo anapeza kawaya ka sensa kosupuka, komwe kankasokoneza moto wa injini. Bwana anabwera kunyumba, maso ali pansi.

"Amayi, abambo aja ankanena zoona."

Ndinawayankha kuti ine ndinkadziwa kale.

Amakaniko, dalaivala akadandaula, kwerani naye muyende mpaka injini itenthe. Kunyumba kuli ana omwe akumudikira.