Bai Biram Atsike M'boti

Aji Sukai Faal, mwini maboti athu, ndayamba ndi inu chifukwa nkhosa tikudyayi ndi yanu. Imamu wathu, akuluakulu a pa doko lino la pa mlatho wa Denton, makaputeni anzanga, amakaniko, amayi ophikira alendo, Yai Sohna, akazi a Bai Biram, ndi ana anu ndi zidzukulu, mtendere ukhale nanu nonse. Ndi inunso Bai Biram Sarr, amene mwatisonkhanitsa lero. Bai Biram, ndili kuno. Kunyanjako kulibe amene akulankhula. Tembenuzani mpando.

Kwa amene simundidziwa, ndine Ansumana Jarju. Ndagwira ntchito m'boti limodzi ndi bambo awa kuyambira ndili ndi tsitsi. Ine mtundu wanga ndine Mjola, iwo ndi Mserere, ndiye mukudziwa kuti makolo athu anandipatsa ufulu wowanyoza, ndipo iwo saloledwa kukwiya. Lero ndiugwiritsa ntchito wonse.

Bai Biram anakulira m'bwato la asodzi. Kwawo nsomba ikalowa m'bwato, ulendo wake ndi wa mumphika basi. Ndiye atangolembedwa ntchito kuno, nyengo ngati inoyi, azungu atathawa chisanu kwawo n'kudzaza mahotela, anapatsidwa mzungu wina wa ku Holland kuti apite naye kunyanja yaikulu. Ine ndinali pa injini, ndinaona ndi maso angawa. Mzungu analimbana ndi nsomba ya kujeli, yaikulu ngati mwana wa sukulu, mpaka nkhope kufiira. Anaikweza m'boti. Anajambulitsa nayo. Anaipsompsona pamutu. Kenako n'kuibweza m'madzi.

Bai Biram sanafunse munthu. Anadumphira m'nyanja ndi nsapato zomwe. Iwo ankayesa kuti nsomba yamupulumuka mlendo. Titawavuula, madzi ali chuchuchu, akuti, "Pepani bwana, ndayesetsa, koma yathawa." Mzungu akuti, "Ndaitaya dala, kaputeni." Iwo anandikokera pambali. "Ansu, munthu uyu ali ndi abale kwawo? Akudziwa kuti akudwala?" Mpaka lero mlendo akamabweza nsomba m'madzi, bambo awa amayang'ana kumbali ngati pakudutsa maliro.

Chifundo ali nacho, koma cha mtundu wawo. Mlendo mafunde akamusokoneza m'mimba, iwo amamusisita pamsana bwinobwino, n'kumuuza kuti, "Sanzirani mbali iyi bwana, nsomba zili kuno."

Dzina lawo lina mukulidziwa nonse. Zulani. Talowa m'timitsinje ta m'mitengo ya m'matope, taponya nangula, alendo angokoleka nyambo, wina wangotsegula kumene botolo lake, umangomva, "Pano palibe. Zulani." Tafika pena, ndangotereka tiyi wathu wa attaya, "Zulani." Ine kapu yachitatu ya attaya sindinaimwepo m'boti la bambo awa. Msana wangawu unapindika ndi nangula, si ukalamba ayi. Ku mzikiti Lachisanu, Imamu ndinu mboni, amakhala pafupi ndi khomo. Yai Sohna akuti tsiku la ukwati wawo, anthu ali pakati pa kudya, mkwati ankafunsa ngati madzi ayamba kudzaza kunyanja.

Koma tinene zoona. Zaka zonsezi, mphepo ya fumbi ija ikaphimba gombe, sanatayepo mlendo, sanasiyepo mnzake panyanja. Injini ya wina ikafa, ndi iwo amene amasiya nsomba zikudya nyambo n'kupita kukamukoka, akutukwana njira yonse. Makaputeni ambiri muli panonu munaphunzira pa chiwongolero chawo, akukukalipirani. Ana anga anaphunzira sukulu chifukwa alendo ankabweranso chaka ndi chaka kufuna boti la Bai Biram. Zikomo, bambo. Ndikunena ndi mtima wonse, ndipo mumvetsetse, chifukwa Mjola kuthokoza Mserere sizichitika kawiri.

Tsopano ndinene chimene chikundisowetsa mtendere. Mwezi watha tili kutali, mtunda sukuoneka, alendo ali m'boti, Bai Biram anagwa pa chiwongolero. Boti linayamba kuzungulira lokha, zingwe za alendo kukolana. Ndinabwera nalo ine, mutu wawo uli pamiyendo pa mayi wina wa ku Germany amene ankangolira. Njira imene ndaiyenda moyo wanga wonse, tsiku limenelo inakana kutha. Adokotala ananena mosapsatira: magazi akuthamanga, za kunyanja zithe. Pakhomo pa chipatala Yai Sohna anandigwira malaya. Anati, "Ansu, ukadzawalolanso kukwera, tsiku la maliro awo usadzaponde pakhomo panga."

Ndiye tinagwirizana kuti apume. Apuma? Lolemba anabwera, akuti aiwala chipewa. Lachiwiri akuti adzangoona ngati chingwe tamanga bwino. Lachinayi ndikufika m'mawa, boti kulibe. Akutulukira masana ndi azungu awiri ndi nsomba, akuti, "Ndimangoyesa injini, m'timitsinje mokhamokha, madzi ofika m'chiuno." Yai Sohna, ndaiona nkhope yanu. Anakuuzani kuti ali kumsika, eti?

Bai Biram, ndikudziwa kuti nthawi yake ndi yoipa. Nyengo yake ndi inoyi. Nsomba za barakuda zadzaza, alendo akutsika ndege akutchula dzina lanu, ife tikukuchotsani pa mbale mpunga ukadali wotentha. Zikundiwawa inenso. Koma munthu akakomoka, madzi ofika m'chiuno amamumiza, ndipo m'botimo simukhala nokha, mumakhala ndi ana a eni. Ine ndili ndi mantha. Sindikufuna kudzakubweretsaninso mutagona.

Ndiye mphatso tikupatsani, nkhosa mudya, koma pali kanthu kamodzi ka pantchito kamene simunabweze. Kali m'thumba lakumanjalo. Kiyi wachiwiri wa boti. Tulutsani. Musayang'ane Aji Sukai, ndi iwo andituma. Musayang'anenso Imamu, nawonso ali mbali yathu. Sitikuthamangira kulikonse, tidikira. Mpunga uzizire.

Ehe, ndi ameneyo. Ayi, musandipatse ine. Ine mundipeza mawa m'mawa, munditchule kuti mwana wanga, ndikubwezerani, ndimadzidziwa. Perekani kwa Yai Sohna. Mayi, mumange pa nsonga ya mpango wanu, mfundo ziwiri. Pamenepo palibe kaputeni angafikepo.

Bai Biram Sarr, kapumeni. Mulungu akupatseni masiku ambiri, tulo tabwino, ndi zidzukulu zokuvutitsani mpaka mutiiwale. Nsomba tizikubweretserani kunyumba, ndipo muzitinyoza kuti ndi zazing'ono, tidzavomera.

Abale, boti la madzulo latsala pang'ono kunyamuka uko. Imirirani tiwaombere m'manja bambo athuwa. Mwamphamvu ndithu, asaimve injini. Musaleke mpaka litadutsa mlatho.